Mabuleki amene ndinaponda pamaso pa alamu anga

Alamu anga, mchimwene wamkulu wa mkazi wanga, anali ndi kanyumba ka malata kumbuyo kwa mathandala awo oyanikapo usipa ku Senga Bay. M'kanyumbamo munali mabenchi, kanema wamkulu wa msana wotukuka, batire la galimoto lodzazidwa ndi sola, ndi makina akale a magemu amene anagula kwa wophika wina wa pa loji. Makinawo anafika kwathu kuno atakalamba kale. Chivindikiro chake chinkafuna kusanjikidwa mwala kuti chimbale chizungulire, ndipo padi imodzi mwa ziwiri zogwirira posewera inali yomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Komabe tsiku lililonse limene mwera unkawomba, asodzi n'kulephera kulowa m'nyanja, anthu ankadzaza m'menemo mpaka ena kuonerera pazenera.

Ine ndinali mkamwini pakhomopo. Ndinachokera ku Maganga ndi dipuloma ya kasungidwe ka katundu, imene kwa nthawi yaitali sinandipezere ntchito, ndipo ndinkakhala m'nyumba imene ndinamanga ndekha pamalo a apongozi anga aakazi. Malume a mkazi wanga anali atamwalira, choncho alamu angawo ndiwo anali mwini mbumba komanso nkhoswe. Sanandiitanepo ndi dzina langa. Ankati "a Dipuloma," ndipo popeza pachilamu nthabwala ndi zololedwa, sindikanadandaula popanda kuoneka wosadziwa mwambo. Ndinazindikira msanga kuti munthu wofuna kukunyoza tsiku ndi tsiku sangapeze pobisalira pabwino kuposa chilamu.

Magemu a mpikisano wa magalimoto analipo awiri. Mayina ake enieni palibe ankawatchula. Ina tinkaitcha ya mtauni, inayo ya kumapiri. Kwa munthu wongosuzumira, anali ofanana. Onse awiri sankayesa n'komwe kufanizira galimoto yeniyeni: mafuta osatha, matayala osaphulika, wapolisi wa pamsewu osamuona. Kanema ankagawika pakati, wosewera mmodzi pamwamba, mnzake pansi, ndipo aliyense ankaona galimoto yake chakumbuyo ngati akuitsatira pa njinga yamoto. Koma ine ndinali ndi nthawi yambiri, komanso chizolowezi chofuna kudziwa chimene chimachititsa chinthu, ndipo ndinaona kuti magemu awiriwa anali osiyana mtima.

Ya mtauni inali yaphokoso ndi yokoma m'maso. Ukagunda basi, galimoto inkagubuduzika, magalasi n'kumwazika, kenaka n'kubwerera pamsewu ili yatsopano ngati palibe chachitika. Chimene ambiri sankachiona n'chakuti makina ankakondera wotsalira. Ukakhala kumbuyo ankakuwonjezera liwiro mwakabisira, ukatsogola ankakukoka malaya. Ndinatsimikiza zimenezi masana ena pamene ndinaimitsa dala galimoto yanga mpaka mnzanga atazimiririka, koma n'kumupezabe asanafike patali. Zotsatira zake zinali zakuti osewera onse, waluso ndi wosadziwa, ankafika kumapeto atagundana mapewa, ndipo kawirikawiri wopambana anali amene anatsalira pang'ono pa kona yomaliza.

Ya kumapiri inalibe chisoni chotere. Msewu wake unali wopapatiza ndi wokhotakhota ngati wotsika ku Golomoti. Pa kona unkayenera kusiya batani la moto, kugunda mabuleki pang'ono, kulola matayala akumbuyo aterereke, kenaka kubwezera moto pa nthawi yake. Wakusiya wakusiya, ndipo makina sankakupepesa.

Alamu anga ankakonda ya mtauni. Ankayendetsa ngati munthu wopirikitsa mbuzi m'munda wa chinangwa, chala chili pa batani la moto osachichotsa, thupi lonse likupendekera kumene galimoto ikukhotera. Ankapambana kawirikawiri, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndi luso lawo. Ya kumapiri ankati ndi ya anthu a mabuku, oopa kufa ngakhale pa kanema. Ine ya mtauniyo ndinkadana nayo, ndipo ndimadana nayobe, chifukwa inkanamiza munthu za msinkhu wake. Munthu wonamizidwa motero tsiku lililonse amafika poganiza kuti dziko lonse liyenera kuchepetsa liwiro iye akatsalira.

Kenaka ntchito inapezeka ku Chipoka, pa nyumba ina yosungiramo katundu pafupi ndi doko. Kumbuyo kwake kunali nyumba ya njerwa zootcha, yokhala ndi mpopi pakhomo, imene ankapatsa wantchito wapabanja. Anandiuza momveka bwino kuti banja langa likapanda kufika mwezi usanathe, nyumbayo idzaperekedwa kwa wina. Kuti mkazi wanga achoke kwawo ndi kukakhala kumene ine ndili, panafunika kupempha chitengwa, ndipo wololeza anali mwini mbumba.

Malume anga anapalasa njinga kuchokera ku Maganga kudzapempha monga mwa mwambo. Anayankhidwa kuti tiganize kaye. Atabweranso, alamu anawauza kuti: "Kodi mwini nkhaniyu pakamwa alibe? Abwere yekha. Kumene ndimapezeka akukudziwa."

Mkazi wanga anandiuza maganizo ake akutembenuza usipa pa thandala la achimwene akewo, osandiyang'ana.

"Achimwene samva nkhani asanasewere. Musawapambane."

"Zimenezo n'zosavuta," ndinatero.

"Sindinathe. Asadziwenso kuti mwawasiyira. Akadziwa, bola mukanawapambana."

Ndinaganizira mawu amenewa mofatsa ndipo ndinapeza njira imene inandikhutiritsa. Alamu sakanasankha gemu ina koma ya mtauni. M'gemu imeneyo, wofuna kugonja mosaonekera sayenera kutsalira. Ayenera kutsogola pang'ono ulendo wonse, kuti makina amukoke malaya ndi kukankha mnzakeyo pa kona yomaliza. Ndikanayendetsa ndi mphamvu zanga zonse anthu akuona, ndipo makina akanandigonjetsa okha. Kwa nthawi yoyamba bodza la gemu ija linali loti lindigwirire ntchito.

Ndinapita Loweruka masana. Mwera unali utawomba kuyambira m'mawa, mabwato onse ali pamchenga, ndipo m'kanyumba muja munali modzaza asodzi. Pa benchi yakutsogolo panakhala bambo wina wachikulire, siginala, amene ntchito yake m'nyanja ndi kutsogolera ndi nyali ndi kuona kumene usipa wasonkhana. Anali munthu wa maso akuthwa ndi pakamwa posasunga kanthu.

"A Dipuloma afika," anatero alamu. "Apatseni malo, angadetse thalauza la ku ofesi."

"Ndabwera ndi nkhani ija, alamu."

"Nkhani siwola. Gwirani padi. Tengani yomangayo, inu mumadziwa kusamala katundu."

Anaika chimbale cha mtauni, n'kusanjika mwala pachivindikiro. Makina analira, n'kukhosomola, n'kulemba mawu okana pa kanema. Anachitulutsa, anachiuzira mpweya, anachipukuta ndi malaya. Chinakananso. Mchenga wa kunyanja, umene mwera unkaulowetsa pansi pa chitseko nyengo yonseyo, unali utachikanda mizere yozungulira. Anachipaka mankhwala otsukira mano, anachitsuka, anatembenuza makina chadodolido monga ankachitira masiku ovuta. Palibe chinasintha.

"Ikani ya kumapiri, bwana," anatero msodzi wina kumbuyo. "Kapena mukuopa?"

Funso limenelo silinali langa, koma ndine ndinalipira. Alamu sakanakana anthu awo akumva. Anaika chimbale cha kumapiri nkhope itauma.

Pa kona yoyamba anagunda khoma. Pa yachiwiri anagundanso, galimoto n'kuima chopingasa. Ine ndinali nditasankha galimoto yochedwa kuposa zonse, ndipo makona ndinkawatenga motambalala, ndikutaya nthawi paliponse pamene ndikanatha kuitaya mooneka ngati kulakwitsa. Sizinakwanire. Gemu imeneyo sibisa kusiyana kwa anthu. Pofika pa msewu wowongoka wakumapeto, alamu anali akubwera kumbuyo kwanga, pafupi ndithu, koma osati pafupi mokwanira. Ndinayerekeza mtunda wotsala ndipo ndinaona kuti ndiwoloka mzere ndine. Choncho ndinatsetsereza chala changa chachikulu n'kukanikiza batani la mabuleki ndi m'mbali mwake, dzanja osaligwedeza, maso ali pa kanema.

Dzanja langa palibe analiona. Chimene sindinachiganizire n'chakuti galimoto tinkaionera kumbuyo, ndipo opanga gemu ya kumapiri, mwa kukhulupirika kwawo kuja, anaiika nyali za mabuleki. Zinayaka zofiira, ziwiri, pakati pa msewu wopanda kona. Alamu anandidutsa n'kuwoloka mzere, ndipo anali atayamba kale kudzuka kuti alandire m'manja.

"Alamu anuwa ndi aulemu," anatero siginala uja kwa alamu anga mosakweza mawu, akundiloza. "Mwaziona nyali zofiirazo? Amakudikirani ngati minibasi yodikira wokwera womaliza."

Anthu anaseka, ndipo sanali kuseka ine. Alamu anakhalanso pansi pang'onopang'ono.

"A Dipuloma, mwandiyesa mwana wophunzira kuyenda?"

"Chala chinaterereka, alamu. Padi yake ndi yomanga iyi."

"Chala cha munthu wa sukulu sichiterereka. Tiyambirenso. Mukapondanso mabuleki powongoka, za ku Chipoka musadzazitchulenso pakhomo pano."

"Nanga ndikapanda kuponda?"

"Tiona."

Pamenepo njira zonse zinali zitatsekeka, ndipo ndinadziwa. Kugonja kunali kutaletsedwa poyera, kupambana kunali koletsedwa chiyambire. Munthu akakuika pamalo otere, chotsala n'kusankha mmene ufuna kukanidwira. Ndinasankha galimoto yothamanga kuposa zonse. Ndinayendetsa monga ndinkayendetsera masana opanda anthu, kona iliyonse pa mzere wake, matayala akuterereka ndi kugwiranso pamene ndafuna. Ndinkamva "a Dipuloma" aliyense wa zaka zonse zija akutsikira m'zala zanga. Tisanamalize ndinazungulira phiri lonse n'kuwapeza alamu chakumbuyo, galimoto yawo itatembenuka, ikuyang'ana kumene tinachokera, muvi pa kanema ukuwalozera kuti abwerere. Ndinawalambalala bwinobwino osawakhudza. Nthawi imeneyi palibe anaseka.

Ndinaika padi pansi, ndinatsika pa benchi n'kunjuta monga ayenera kuchitira mkamwini, ndipo ndinati: "Alamu, ndabwera kudzapempha chitengwa. Ntchito ndaipeza, nyumba ilipo, ndipo akufuna banja lifike mwezi uno usanathe."

Anatulutsa chimbale, anachiyang'ana mbali zonse ziwiri ngati pali cholembedwa, kenaka anati: "Mbumba yanga siyendera liwiro la galimoto. Mpunga ukakololedwa tidzakambirana."

Mpunga unali utangokololedwa kumene. Aliyense m'kanyumbamo anamvetsa kuti akunena wa chaka chamawa.

Mkazi wanga anali atamva kale ndisanafike kunyumba, pakuti nkhani za pagombe sizidikira mwini wake.

"Ndinakuuzani chiyani?" anandifunsa.

"Munandiuza zinthu ziwiri. Makina analola chimodzi, achimwene anu anachikana chomwecho."

Anapitiriza kulongedza malaya anga m'chikwama, ake akuwasiya pa chingwe.

Nyumba ya mpopi pakhomo inaperekedwa kwa mnzanga wina wa ku Ntcheu amene mkazi wake anafika pa lole ndi mbuzi zomwe. Ine ndinapeza kachipinda pafupi ndi njanji, ndipo Loweruka lililonse ndinkakwera minibasi mpaka pa Salima, kenaka ina ya ku Senga Bay, kukachezera mkazi wanga ngati mlendo.

M'kachipinda kameneko ndinali ndi nthawi yosanthula nkhaniyi, ndipo ndinaisanthula monga ndimachitira katundu akasowa: kuyambira pamene anaonekera komaliza n'kumabwerera m'mbuyo. Mchenga ukanapanda kukanda chimbale, njira yanga ikanagwira. Nyali zikanapanda kuyaka, kapena siginala akanasunga pakamwa pake, mwina alamu akanadzuka ali wokondwa. Koma ndikafika pamenepa ndimaima, chifukwa munthu wokondwa si munthu wololeza. Malume anga anabwezedwa chimbale chisanakandike. Amene ankatembenuza usipa wa alamu, kuusankha ndi kuulongedza m'matumba anali mlongo wawo, mkazi wangayo, mosalipidwa, kuyambira ali mtsikana. Ndimakhulupirira kuti yankho linali litakonzedwa ndisanagwire padi, ndipo mpikisanowo unali wongofuna kuti kukanako kuoneke ngati ndakuputa ndekha. Chimene gemu ya kumapiri inalakwa n'chakuti inawachititsa kulipira manyazi pa chinthu chimene ankafuna kuchitenga chaulere.

Mkazi wanga anabwera ku Chipoka mpunga winawo utakololedwa, apongozi anga atalankhula ndi mwana wawo wamwamunayo mawu amene sanandiuze. Anafikira m'kachipinda ka pafupi ndi njanji kaja, kumene madzi timakatunga pa mjigo. Pomasula katundu wake anatulutsa chimbale cha kumapiri chokulungidwa m'pepala la shuga.

"Achimwene ati ndikupatseni. Ati muzisewera nokha, poti mumaikonda."

Ankadziwa bwino kuti ndilibe makina oseweretsera. Chimbalecho ndinachiboola n'kuchipachika pa kamunda ka mpiru kuseri kwa chipinda, kuti chiziopseza mbalame. M'mawa uliwonse popita ku ntchito ndimadutsa pa nyumba ya njerwa zootcha ija, ndipo mkazi wa mnzanga amandipatsa moni akutsuka mbale pa mpopi.