Chala cha Amayi

Mlongo wanga tinayamba kumutcha Loya asanadziwe n'komwe kuti loya amagwira ntchito yanji. Akaswa kapu ankati iye wangoisiya m'manja, kuswekako ndi nkhani ya kapuyo ndi pansi. Amayi ankamumvetsera mpaka amalize, kenako n'kumukwapula, mlandu n'kuthera pomwepo. Ine ndine mchemwali wake wamkulu, ndipo pa milandu yonseyo mboni ndinali ine.

Kwathu tinakulira sopo. Amayi ankamuphikira kuseri kwa nyumba, m'kashedi ka malata momwe munali migolo, mthiko wautali ndi matabwa oumitsirapo. Akadula mitanda ankadinikiza chala chachikulu pakati pa mtanda uliwonse, pofuna kumva ngati wagwira. Chalacho chinali ndi chipsera cha waya wodulira sopo, choncho kadzenje kalikonse kankatuluka ndi kamzere kopingasa. Palibe anakonza zoti chikhale chizindikiro. Anthu okha ndi amene anayamba kutuma ana kuti akagule sopo wa chala. Amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma chimenechi chinatidyetsa, kutiveka, n'kumufikitsa Loya kuyunivesite.

Otengera sanachedwe. Mayi wina wa mumsewu wachiwiri ankadinikiza chala chake, kamzereko n'kumalemba ndi msomali. Loya zinkamupweteka mpaka kulephera kudya. Amayi ankangoseka: "Musiye, nayenso ali ndi ana."

Loya atapeza mwayi wokapitiriza maphunziro kunja, anatiuza kuti akukaphunzira malamulo a zizindikiro za malonda ndi umwini wa nzeru.

"Nzeru zili ndi mwini wake?" anafunsa Amayi.

"Zili naye, Amayi."

"Ukakamupeza umupatse moni."

Anamulongedzera sopo wodzaza theka la sutikesi, ngati kuti kunjako anthu sasamba.

Kumeneko ankagona m'kachipinda ka zenera loyang'ana khoma la nyumba ina. Ankatiimbira foni yoonana nkhope, ine n'kuitsamiritsa pabotolo la mafuta kuti Amayi azimuona akutakasa. Ankatiuza zodabwitsa: kuti munthu angathe kukhala mwini wa mtundu wa penti, wa kapindikidwe ka botolo, ngakhale wa kaphokoso kamene foni imalira poyaka. Maso ake anasintha, chilichonse anayamba kuchiona ngati mlandu. Tsiku lina anaona chikwama changa chili pamsomali.

"Achemwali, chikwama chimenecho ndi mlandu. Dzina lili pamenepo si la amene anachisoka."

Ndinamuuza kuti mlanduwo ndinaugula motsika mtengo, ndipo zipi yake ikugwirabe.

Koma mwanayo ankasowa kwawo. Nthawi ya chisanu anandiululira, Amayi atatuluka, kuti mtanda womaliza sakusambira. Anauika pazenera, ndipo akamapita kukalemba mayeso ankayamba waika chala chake m'kadzenje kaja. Ndinamuseka kuti loya wamkulu akuyamwabe, koma nditadula foni ndinalira.

Kenako pulofesa wawo anati aliyense abweretse chizindikiro cha kwawo chimene malamulo sanachiteteze. Anzake anabweretsa zithunzi, Loya anabweretsa mtanda uja. Unazungulira kalasi yonse, ena akuununkhiza, pulofesa akuuyang'ana ndi galasi. Loya analemba pepala lalitali lofotokoza mmene angautetezere, ndipo anakhoza kuposa onse. M'kalasimo munalinso mnyamata amene bambo ake anali ndi mafakitale a zodzoladzola m'mayiko angapo, kuphatikizapo lathu. Mnyamatayo anaununkhiza nthawi yaitali kuposa anzake.

Ndinene chilungamo, mlongo wanga sanali wadyera. Ankafuna kuti mayi wa msomali uja aleke kudyera thukuta la Amayi. Kampani ya bambo aja inati ilembetsa chizindikirocho m'dzina lake, izipanga sopoyo ndi makina, Amayi iwapatse kangachepe, Loya imupatse ntchito. Mgwirizanowo analemba ndi iye mwini. Munali chiganizo chimene ankachinyadira kwambiri, choti palibe munthu wina aliyense amene adzaikenso kadzenje kotero pasopo. Anatiwerengera kawiri, akuyang'ana cha kumsewu wachiwiri.

Amayi cholembera sankachikonda, ankati chimawanjenjemeretsa dzanja. Anasaina ndi chala chomwe chija, atachinyika mu inki. Chipsera chinatuluka bwinobwino papepalapo, mpaka bwana wa kampaniyo anayamikira. Mtanda wa pazenera uja Loya anaupereka kwa amisiri kuti apangire chikombole, ndipo sunabwerenso.

Zinthu zinayenda. Denga lathu linasiya kudontha, m'nyumba munalowa firiji. Sopo wa chala anadzaza m'masitolo, wokutidwa m'pepala lonyezimira, wonunkhira maluwa amene sitinawaonepo. Mayi wa msomali analetsedwa, anayamba kugulitsa makala, ndipo moni wathu anasiya kuyankha. Amayi okha ndi amene sanasinthe. Manja ozolowera ntchito sadziwa tchuthi, choncho ankaphikabe mgolo umodzi wa anthu a m'dera lathu, n'kumadinikiza chala monga mwa masiku onse.

Posakhalitsa oyendera misika a kampaniyo anapeza sopo wachinyengo m'dera lathu. Anati wotengerayo ndi katswiri woopsa, kamzere kake sikasiyana ndi kenikeni. Anatuma munthu wawo wodziwa kwambiri za chizindikirocho, wophunzira kunja, kuti akathane naye.

Loya anafika pagalimoto ya kampani, atavala suti. M'kashedi munalibe mpando, anakhala pachidebe chovundikira. Anayamba ndi kufunsa za msana wa Amayi, za mvula, za firiji. Amayi anamulekerera azungulire mpaka atatopa.

"Iwe, nena chimene wabwerera, sopo akundiumira."

Ananena kuti Amayi aleke kudinikiza chala pasopo, maso ali pansapato zake.

Amayi anatukula chala chija. "Ndiye chalachi ndi cha yani?"

"Chala ndi chanu, Amayi. Kadzenjeko ndi ka kampani."

"Wina aliyense uja ndine?"

Ine mtima unandiwira, ndinafuna kumuthira Loya ndowa ya madzi a soda wopangira sopo pasutiyo. Ndinamufunsa ngati kunjako anakaphunzira kuwerenga zolemba zake zomwe. Amayi anandiletsa ndi dzanja.

"Ndikapitiriza, ntchito yako ingathe?"

Anagwedeza mutu kuvomera.

"Basi, nkhani yatha."

Kuyambira tsiku limenelo sopo wa Amayi ankatuluka wosalala. Pofuna kumva ngati wagwira, ankadinikiza kachidutswa kapadera, kenako n'kukabwezera mumgolo. Ogula ankautembenuza mtandawo uku ndi uku, n'kuubweza. Mtsikana wina anawauza Amayi pamaso pawo kuti iye wachinyengo safuna, akufuna weniweni wa chala. Amayi anamulozera njira ya kusitolo, dzanja lomwe lili ndi chipseralo.

Chaka chotsatira kampani inasangalala ndi mmene Loya anathetsera nkhani ya katswiri uja, ndipo inamutumizanso kunja kuti akawonjezere maphunziro. M'mawa wa tsiku lonyamuka anabwera kudzatsanzika. Anapeza tangodula kumene, mitanda ili ndandanda pamatabwa, ikadali yofewa. Anandipempha kuti ndituluke pang'ono. Ndinakana, kashediko si ka kampani.

Anaima pafupi ndi Amayi ngati mwana wofuna kupempha ya sukulu.

"Amayi, mundidinikizireko umodzi. Wanga ndekha, sindikagulitsa. Kumene kuja kumazizira."

Amayi anapukuta manja pansalu, osafulumira. Anasankha mtanda wowongoka bwino, anaugwira m'mbali mosamala kuti pasatsale chala chilichonse, n'kuukulunga m'nyuzipepala. Anaupereka ndi manja awiri. Chibadwire cha mwanayo anali asanamutchulepo kuti inu.

"A loya, musandiike m'mavuto. Ndili ndi mwana, ntchito yake ingathe. Wa chala mukagule kusitolo."

Mpaka lero sindidziwa ngati ankamulanga kapena ankamuteteza, ndipo ndikawafunsa amati ndiwapatsire mthiko. Loya atatuluka, Amayi anabwerera pamgolo n'kunena kuti soda wa masiku ano akuwawa m'maso.

Ndinamuperekeza kugalimoto. Dalaivala atayatsa injini, ndinasuzumira pazenera kuti ndimuuze aziimba foni. Sanandione. Mtanda uja unali pamwendo pake, chala chake chikuyendayenda pamwamba pa nyuzipepalayo, kufunafuna pomwe chingakhale.