Madzi amene ndinkawamana a Sambani

Ntchito yanga yoyamba anandipezera azakhali anga, amene amagulitsa tomato pamsika wa Lirangwe. Kasitomala wawo wina, mayi wogwira ntchito ku bwalo la ndege ku Chileka, ankafuna mtsikana woti azisamalira bambo ake odwala. Ine n'kuti nditalemba mayeso a Fomu 4, ndikungokhala pakhomo. Azakhali anangoti, "Ndi madala ophunzira, sakakuvuta," basi n'kundikweza minibasi.

Madalawo anali a Sambani, mphunzitsi wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo. Sitiroko inawapha dzanja ndi mwendo wakumanzere, koma mutu unali bwinobwino. Mwana wawoyo, amene ndinkawatchula kuti anti, anandionetsa ntchito tsiku limodzi lokha: kuyala pulasitiki pansi pa shiti, kuwadzutsa agogo powagwira kumbali yamphamvu osakoka dzanja lakufalo, kuwasambitsa atakhala pampando, kuwayeza BP ndi kamakina komanga pamkono, ndi kuwapatsa mapilisi m'mawa akadya. Pomaliza anati, "Chachikulu akhale aukhondo. Ndisamve fungo m'nyumba muno."

Masabata oyambirira tinkagwirizana. Masana ndinkawatulutsa pakhonde, iwo ndodo kudzanja lamanja ine kumanzere kwawo, ndipo ankandiwerengetsa nyuzi mokweza n'kumandikonza katchulidwe. Nyumbayo inali pafupi ndi bwalo la ndege, ndiye ndege ikamatera ankakweza chala kuti ndidikire phokoso lidutse, kenako amvekere, "Pitiriza, Esinati."

Chovuta chinali chimodzi. Kawiri katatu pa sabata ndinkapeza atanyowetsa pogona. Inali nyengo yozizira, madzi pampopi ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo bulangete lochapa pamanja silinkauma tsiku lomwelo. Manja anga anasweka ndi sopo. Ndiye ndinaganiza nzeru yanga. Jagi ya madzi imene inkakhala patebulo pambali pa bedi ndinaichotsa. Tiyi wa masana ndinamusiya. Akapempha madzi ndinkathira theka la kapu, kapena kuwauza kuti, "Mwamwa kale agogo." Sankatsutsa.

Zakudya nazo ndinkaphika zosavuta. Anti ankagula buledi, mpunga, ufa woyera ndi soseji, poti ankafuna bambo awo azidya bwino. Agogo atadandaula kamodzi kuti masamba akuwakanirira m'mano, ndinapezerapo mwayi wosiyiratu kuphika masamba. Pogona panayamba kuuma. Anti anandiyamikira, ine n'kumadzimva kuti ntchito ndaidziwa.

Patapita nthawi a Sambani anasintha. Nyuzi sankaifunanso. Chakudya ankangochigwiragwira n'kukankha mbale. Kutuluka pakhonde ankakana, ndipo ine sindinkawakakamiza. Nthawi zina ankausa moyo n'kunena okha kuti, "Ndikudikira chiyani ine?" Ndikawaperekeza kuchimbudzi ankakhalitsa, ine nditaima panja pa chitseko, n'kutuluka ali thukuta kamukamu. Sindinafunsepo. Mtsikana ngati ine ndikanayamba bwanji kufunsa mkulu wa mpingo za kuchimbudzi? Iwonso manyazi omwewo ndi amene ankawatseka pakamwa. Anti ankati ndi ukalamba. Aneba ankati sitiroko yakwera kumutu.

Tsiku lina m'mawa, anti atapita kuntchito, ndinawapititsira phala. Anandiyang'ana ngati sanandionepo. "Ndiwe yani iwe? Wathiramo chiyani umu?" Ndisanayankhe anamenya mbale ndi dzanja lamphamvu lija, phala lotentha n'kunditayikira pachifuwa. Mtima unandipsa. Ndinawauza kuti, "N'chifukwa chake ana anu enawo sabwera kuno. Angakhale ndi munthu ngati inu ndani?" Misozi inayamba kutsika m'masaya mwawo. Ine ndinatuluka kukachapa bulauzi yanga, n'kuwasiya okha.

Pobwerako cha m'ma 11 ndinapeza atasanza. Nditawavula malaya ndinaona mimba itatupa, yolimba ngati ng'oma. Ndinaimbira anti, ndipo anabwera ndi galimoto ya mnzawo kutitengera kuchipatala.

Dokotala anawadina pamimba, anayang'ana lilime, n'kutsina khungu la padzanja. Khungulo linakhala chotsinikacho osabwerera msanga.

"Amawasamalira ndani?" anafunsa.

"Ndine."

"Chimbudzi anachita liti komaliza?"

Sindinadziwe. Ndinkadziwa BP yawo ya m'mawa uliwonse, koma chimenecho ayi.

"Nanga madzi amamwa mokwanira?"

"Amamwa ndithu," ndinatero. Anti anagwedeza mutu kundivomereza.

Dokotala anandiyang'ana pang'ono, kenako anatembenukira kwa anti. "Adzimbidwa kwa masiku ambiri, ndipo m'thupi mulibe madzi. Munthu wamkulu chonchi m'mimba mukamanga, mutu nawonso umasokonekera. Amakwiya, amakhumudwa, ena mpaka osazindikira anthu. Si misala ayi."

Anawaika diripi ndi kuwapatsa mankhwala ofewetsa m'mimba. Tinagonako masiku atatu. Namwino wina wachikulire ndi amene anandiphunzitsa zimene ndimagwiritsa ntchito mpaka lero. Phala likhale la mgaiwa. Papaya wakupsa tsiku lililonse akapezeka. Masamba asasowe, kaya ndi nkhwani, bonongwe kapena therere, bola kuwadula tating'ono ndi kuwaphika afewe. Nyemba, mbatata, ndi chambiko pang'ono ngati mimba ikuchilandira. Madzi azimwa pang'onopang'ono kuyambira m'mawa, ndipo aziyenda ngakhale kungozungulira nyumba. Za pogona anati, "Uziwaperekeza kukataya madzi asanagone, ndipo uwaikire chigubu pafupi. Mashiti amachapika, mwanawe."

Titabwerera kunyumba ndinabweza jagi ija patebulo popanda kuuza munthu kuti inachokapo. Ndinkapita kumsika wa Chileka kukasankha ndekha masamba ndi mapapaya. M'mawa uliwonse akadya phala ndinkawaperekeza kuchimbudzi, ndipo potuluka ndinkafunsa, "Zatheka agogo?" Tsiku loyamba tonse tinayang'ana pansi. Pofika sabata yachiwiri ankayankha akuseka, "Zatheka, adokotala." Pang'onopang'ono chilakolako cha chakudya chinabwerera, tulo tinabwerera, ndipo anayambanso kuitanitsa nyuzi.

Masana ena tili pakhonde anapinda nyuzi n'kunena kuti, "Esinati, akuti ndinakuthira phala. Undikhululukire mwana wanga, sindinali ine." Kenako anawonjezera kuti, "Zambiri za tsiku lija sindizikumbuka. Koma zoti ana anga enawo sabwera, unanena zoona."

Pamenepo ndi pamene ndinayenera kugwada n'kuwauza za madzi aja. Koma ndinaopa ntchito, ndinaopanso kuti asiya kundiona ngati mwana wawo. Ndinangoti, "Palibe kanthu agogo," ngati wolakwiridwa ndine.

Ndinakhala nawo miyezi ina isanu ndi iwiri. Kenako anti anasamutsidwa kuntchito, n'kupita nawo bambo awo, ine n'kubwerera kwathu ku Lirangwe. Chaka chotsatira azakhali anamva pamsika kuti a Sambani anatisiya. Maliro anali atachitika kale.

Ntchito yosamalira odwala ndi okalamba sindinaisiye. Ndadutsa m'makomo angapo, ndipo atsikana ongoyamba kumene amabwera kudzandifunsa nzeru. Ndimawauza kuti wodwala akasintha khalidwe, asathamangire kunena kuti wayamba nkhanza kapena wazungulira mutu. Ayambe afunsa kuti wadya chiyani, wamwa madzi angati, ndipo kuchimbudzi anapita liti, ngakhale funsolo likhale lochititsa manyazi chotani. Zikapitirira, athamangire kuchipatala. Ndimawauzanso za jagi ija, osabisa kanthu. Ndauza anthu ambiri nkhani imeneyi, koma mwini wake amene anayenera kuimva anapita akuganiza kuti wolakwa anali iye.