Entis ndi Chingwe Chopotana

Inu amene anthu anakusekani pagulu mpaka munalakalaka nthaka itang'ambika kuti mulowemo, imvani za Entis wa kwathu kuno, kunja kwa tauni ya Cianjur. Ndikuchenjezeretu: nkhaniyi imandipsetsabe mtima, ndipo sindiifotokoza mofatsa.

Linali Lamulungu m'mawa pa dziwe la mpikisano, paja amuna amalipira kuti awedze milamba, wogwira wolemera kuposa yonse n'kutenga mphoto. Belu litalira onse anaponya mbedza nthawi imodzi. Koma kwa amene Entis anawakulungira chingwe chatsopano dzulo lake, mbedza sizinapite patali. Chingwe chinatuluka pa mawilo ochikulungira a pa ndodo zawo chili chopotana, mfundo zokhazokha, china kukola m'zala, china kukola ndodo ya munthu wa pambali.

A Haji Komar, mwini malole onyamula mchenga, anamasula wilo pa ndodo yawo n'kumuponyera Entis pamapazi.

"Iwe Entis! Ichi n'chingwe kapena matumbo a nkhuku? Zala unataya, tsopano wataya ndi nzeru zomwe?"

Khamu lonse linafa nacho chiseko. Wina anakuwa, "Makina a mkazi wake amenewo! Akufuna atisokere madiresi!" Mwini dziwe anamugwira Entis pakolala, kumukankhira kunja kwa geti, n'kumuuza kuti asadzapondenso pamenepo.

Tsono mudziwe kumene zalazo zinapita. Entis anakulira pa dziwe lomwelo, akugwira ntchito yothandizira owedza: kukanda nyambo, kumanga mbedza, kuvuula nsomba ndi kaukonde. Wothandizira aliyense amadziwa kuti chingwe choluka sachikulunga padzanja, chimacheka ngati lezala. Koma tsiku lina mlamba waukulu wa a Haji Komar unathawira ku mizati ya pansi pa nsanja yoimapo owedza, mphoto ili njinga yamoto, ndipo a Haji anakuwa, "Gwira chingwe, chitsiru iwe! Kulunga padzanja!" Entis anamvera bwana. Nsomba inavuuka. A Haji anapita kwawo pa njinga yatsopano, Entis anapita kuchipatala, n'kubwerako ndi chala chachikulu ndi cholozera zokha kudzanja lamanja. Chipepeso chake? Thumba la mpunga ndi chipewa cholembedwa dzina la kampani ya mchenga. Chipewa! Munthu wataya zala, inu mukumuveka mutu.

Ntchito inathera pompo, poti wa zala ziwiri samanga mbedza msanga. Pakhomo anatsala akudyetsa banja ndi mkazi wake Odah, ndi makina ake osokera, aja opondera ndi mapazi.

Munthu wokhala chabe amaganiza zambiri. Entis ankadziwa kuti owedza pa dziwe amasintha chingwe pafupipafupi chifukwa mizati imachikwecha, ndipo ntchitoyo amadana nayo: wina agwire mpukutu wa chingwe pa pensulo, wina azipukusa wilo mpaka mkono kuwawa. Nanga mapazi atagwira ntchitoyo? Odah atapita ku ukwati wa m'bale wake, Entis anamasula mutu wa makina osokera aja, kukaupereka kwa wowotcherera zitsulo kuti amupatse zitsulo ndi kumulumikizira. Chopondera ndi lamba wake anazimangirira kuti zizipukusa chogwirira cha wilo, mpukutu ukugudubuzika pa msomali. Makinawo ankathamanga mosangalatsa. Sanafunse mkazi wake, ndipo chingwecho sanachiyese n'kamodzi komwe pamadzi asanachipereke kwa anthu.

Atafika kunyumba Lamulungu lija anapeza Odah akupeta mpunga pakhonde. Nkhani yoipa inali itafika kale mwini wake asanafike.

"Mwabwera, amisiri?" anatero Odah osadzutsa mutu.

"Odah, tandimvera kaye."

"Ndimvere chiyani, Kang?" Kang ndi mmene timaitanira mwamuna mwaulemu kwathu kuno. "Makina amene ankatidyetsa munawasadzula ngati nkhuku ya pa chikondwerero. Munandifunsa? Munati ndizisoka ndi mano?" Anaika lichero pansi mwamphamvu, mpunga n'kumwazika. "Ndaonana ndi Mayi Rokayah, aja otumiza akazi kukagwira ntchito kunja. Akuti kutsidya kwa nyanja akufuna akazi osamalira nkhalamba. Mvula ikatha ndikupita."

"Nanga Imas?" Ameneyu anali mwana wawo mmodzi yekhayo, wongoyamba kumene sukulu.

"Imas adzakula ngati ana ena onse a m'mudzi muno, akuonera mayi wake pafoni."

Entis ankawadziwa maulendo amenewo. Mkazi amapita zaka, amabwera mwana atakula osamuzolowera, ena amapeza banja litatha. Anakwiyira a Haji, anakwiyira mwini dziwe, koma mkwiyo waukulu unali wa pa iye mwini, poti makina aja sanaphwasule ndi a Haji. Analumbira kuti mvula isanathe adzakhala atapeza chimene chinapota chingwe chija, kuti Odah asakwere galimoto ya Mayi Rokayah.

Anayamba. M'mawa uliwonse ankakulunga chingwe chotchipa pa wilo lake lakale, n'kupita kukaponya ku ngalande ya m'minda ya mpunga. Chinkapotana. Anachepetsa liwiro, chinapotanabe. Anasintha msomali, anapaka mafuta, anatembenuza mpukutu, anatukwana makinawo mayina amene sindingalembe pano. Tsiku lina anawamenya theche mpaka chala cha kuphazi kutupa, n'kumayenda motsimphina sabata yathunthu. Anthu odutsa ankamufunsa, "Kang Entis, matumbo a nkhuku alipo lero?" Iye ankangoluma mano.

Odah ankaona zonsezi ali chete, akuloweza mawu a chinenero cha kumene ankapitako. Entis sankamufunsa kanthu. Kunyada kwa amuna inu! Safunsa anadya phula, ndipo Entis analidya mpaka kukhuta.

Masana ena mvula ikugwa, Entis anali pakhonde akumasula mfundo ndi mano. Odah zinamukwana.

"Kang, mukundipweteketsa mutu. Zaka zonse ndinkasoka pamaso panu, simunaone kanthu? Munandionapo ndikukulunga ulusi bobini ili m'kati mwa makina? Ndimaichotsa, ndimaiveka pa kachitsulo kake pambali, izizungulira yokha, ulusi uzilowa mowongoka. Wilo lanulo lili ndi kamkono kamene kakuzungulira mutu wake. Kakazungulira kamodzi kapota chingwe kamodzi. Inu mukupondera ngati wothawa galu, ndiye mukudabwa chiyani?"

Entis analavula chingwe chimene chinali kukamwa chija. Zinali zoona. Pokulunga ndi manja, iye mwini ankagoneka mpukutu pansi, n'kumautembenuza akaona chingwe chayamba kupotana, manja ankachita okha osaganiza. Makina ake analibe nzeru imeneyo. Ndipo mutu wa wilo, pamene pamakhala chingwe, umamasuka ndithu ngati bobini.

"Bwanji sunandiuze kale?"

"Munandifunsa?" anatero Odah n'kulowa m'nyumba.

Anaphwasula zonse n'kuyambiranso. Anatola chitsulo cha pakati pa gudumu la njinga yakale, kuchilumikiza ku lamba, n'kupanga poveka mutu wa wilo wokhawokha. Chingwe chinasiya kupotana koma chinkalowa chokhwefuka, ndipo chokhwefuka chimatuluka chambiri nthawi imodzi. Anadula patapata wakutha n'kupanikiza mphira wake pa mpukutu kuti chingwe chizibwera chokungika. Anaphunzira kuviika mpukutu m'madzi ofunda kuti nayiloni afewe. Kuyala chingwe kuti chisaunjikane mbali imodzi inali ntchito ya zala ziwiri zija, zitakulungidwa nsalu yonyowa, ndipo zinkakwana.

Ulendo uno sanathamange. Anapita pa bwalo la mpira, kumanga chingwe pa mtengo wa golo, n'kuyenda chobwerera m'mbuyo mpaka kumapeto. Atachilekerera, chinangogona pa udzu chowongoka. Anapita kungalande, anaponya, chinauluka. Anaponya mpaka phewa kuwawa, misozi ikutsika, akutukwanabe.

Koma dzina likaipa silitsukidwa ndi sopo. Pageti la dziwe anamuthamangitsanso. Anakhazika makina ake tsidya lina la msewu, pansi pa lona wa mayi wogulitsa khofi, ndipo Malamulungu angapo anangokhala akuingitsa ntchentche. Owedza ankadutsa atapanira ndodo zawo kukhwapa ngati Entis awalanda.

Ndiye anatembenukira kwa anyamata a kabaza wa njinga zamoto, amene amawedza kungalande akasowa okwera. "Bweretsani mawilo anu," anawauza. "Ndikulunga ulere. Chikapotana mudzandilavulire kumaso." Palibe amene anabwera kudzalavula. Ndipo anyamata a kabaza pakamwa pawo sipatsekeka, aliyense amene amunyamula amamva nkhani. Anayamba kubwera owedza a pa dziwe, poyamba mozemba, akuyang'ana uku ndi uku, kenako poyera. Entis ankapita kunyumba ndi mpunga, mafuta, nthawi zina nyama ya nkhuku.

Odah ankalandira, koma ulendo sanausinthe. "Masabata angapo abwino si moyo, Kang," ankatero. "A Haji akangotsokomola kuti anthu asiye kubwera kwa inu, mudzatsala ndi ntchentche zanu zija. Ine njala ndaiona, sindifuna kuti Imas aionenso."

Mvula inatha. Tsiku la ulendo linagwa Lamulungu la mpikisano waukulu. Entis anafuna kutsala kunyumba, koma Odah anamuuza kuti apite kuntchito, adzadutsira komweko kudzatsanzika. Anapita mtima uli wolemera ngati mwala, n'kupeza anthu atandandalika kale ndi mawilo m'manja.

Dzuwa litakwera, minibasi ya Mayi Rokayah inaima pamsewu. Odah anatsika, chikwama paphewa, Imas atamugwira chovala. Nthawi yomweyo dalaivala wa a Haji Komar anaoloka msewu ndi thumba lodzaza mawilo, kudumpha mzere wonse, n'kulikhutula pa tebulo la makina.

"A Haji akuti uyambe awa, msanga. Akuti zakale zija aiwala."

Entis anasiya kupondera.

"Aiwala?" anafunsa. Anakweza dzanja lake lamanja kuti aliyense alione. "Iwo aiwala. Kawauze a Haji kuti zala zitatu zinagwira kale chingwe chawo. Ziwiri zatsalazi sizidzachigwiranso. Tola mawilo akowa."

"Ukudziwa amene ukumukanira? A Haji akalankhula mawu amodzi, anthu onsewa akuthawa."

"Alankhule awiri. Wotsatira!"

Dalaivala anayang'ana mzere uja, akudikira kuti wina achoke. Palibe anasuntha. Mkulu wina wa imvi, yemwe anali m'gulu la oseka Lamulungu lija, anakankha mawilo a a Haji pambali ndi chigongono n'kuika lake. "Chingwe changa ndi chopyapyala, Kang Entis," anatero. "Ukunge bwino, belu layandikira."

Ena adzati Entis akanakhululuka. Mwina. Ine ndikuti munthu amene sanapepese asamatumize dalaivala kudzanena kuti waiwala.

Hutala ya minibasi inalira. Mayi Rokayah anatulutsa mutu pawindo. "Odah! Tsanzika msanga, anzako akudikira!"

Entis anayambanso kupondera, osayang'ana mkazi wake, chifukwa akanamuyang'ana akanalira pamaso pa makasitomala. Ankaponda mosalongosoka, chopondera chinkagunda pansi, lamba n'kumalumpha. Odah anayang'ana mzere wa anthu, anayang'ana dalaivala akubwerera ndi thumba lake, kenako anayang'ana mapazi a mwamuna wake. Anatula chikwama pa benchi ya mayi wa khofi.

"Sunthani, Kang. Mukuponda ngati mukupha njoka. Makinawa ndi anga, mundithyoleranso."

Anakhala pampando, kuvula nsapato, n'kuika mapazi pa chopondera. Lamba anayamba kuyenda myaa. Entis anagwira chingwe ndi zala zake ziwiri, maso ali psuu.

"Odah!" anakuwanso Mayi Rokayah. "Ukupita kapena ayi? Udzalira nazo izi!"

"Pitani, Mayi," anayankha Odah osatembenuka. "Mukuona ndili pantchito."

Minibasi inachoka ndi matukwano ake. Imas anakwera pabenchi n'kukhalira chikwama cha mayi wake, kuti wina asachinyamulenso.

Lero makina otere amawapanga Entis ndi wowotcherera zitsulo uja, ndipo mashopu a zowedzera amachita kuwaitanitsa. Odah ali ndi makina osokera ena, ndipo mwamuna wake saloledwa kuwakhudza ngakhale pofuna kupukuta fumbi. Imas akaweruka kusukulu amapeza mayi wake pakhomo.

Inu amene mwakwiya chifukwa anakudyerani masuku pamutu n'kukusekani, kwiyani ndithu, muli ndi chifukwa. Koma mkwiyowo musagone nawo pamphasa. Dzukani nawo, upondereni pantchito, muyese chimene mwapanga musanachipereke kwa anthu, ndipo mufunse amene mumadya naye mbale imodzi. Zimene anakudulani sizimeranso, koma zimene zatsala zikhoza kusunga banja lanu. Mtima wanuwo musautaye, gwirani ndi zala zimene muli nazo.