Chaka Changa Chinali 1258

M'chipinda chathu ku Al Doha Al Jadeeda, kudziko la Aarabu kumene tinkakhala, munali kapeti yofiira yothothoka m'mbali, imene amayi anatola itatayidwa kuhotela kumene ankagwira ntchito. Inkanunkha fumbi ndi sopo wokolopera. Miyezi ya korona, sukulu zitatsekedwa, kalasi yanga inali pakapeti pomwepo. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndi laputopu yobwereka.

Aphunzitsi athu a mbiri yakale anali mayi wachiarabu wolankhula mofatsa. Anatigawira aliyense chaka chimodzi cha makedzana kuti tifufuze zimene zinachitika. Ine chinandigwera 1258.

Ndinawerenga kukamwa kuli yasa. Chaka chimenecho asilikali a Amongolo anazinga mzinda wa Baghdad pafupifupi masabata awiri, malinga anagumuka, ndipo anapha anthu kwa masiku angapo osapumira. Mabuku anawataya mumtsinje mpaka madzi, akuti, anada ndi inki. Mfumu ya mzindawo anaikulunga m'kapeti n'kuipondetsa ndi akavalo kuti magazi achifumu asakhudze nthaka. Zinandiopsa, koma ndisabise, ndinasangalalanso. Anzanga zaka zawo zinali za mapangano ndi maukwati a mafumu. Changa chinali cha magazi.

Tsiku lofotokoza ndinaimika laputopu pampando n'kudzikulunga m'kapeti ija. Ndinkagubuduzika uku ndikukuwa, zigongono zikumenya pansi ngati ziboda. Anzanga anafa nalo phwete m'timabokosi tawo ta palaputopu. Kenaka kabokosi ka aphunzitsi kanada. Tinadikira. Wina anati netiweki yawathawa. Atayatsanso kamera anali atavula magalasi, maso ali psuu.

"Nyumba ya bambo anga ili m'mbali mwa mtsinje umenewo," anatero. "Ndinatulukamo ndili msinkhu wakowo, mabomba akugwa."

Sindinkadziwa n'komwe kuti mzindawo ulipobe, kuti muli anthu amene amakazinga anyezi ndi kuperekeza ana kusukulu. Aphunzitsi sanandikalipire. Anangoti ndibwereze ntchitoyo, koma ulendo uno mfumu ndiisiye, ndifufuze za anthu wamba amene anatsekeredwa mkati mwa malinga.

Amayi atabwera kushifiti ndinawauza. Anaima pakhomo masiki ikadali kukamwa. "Waseweretsa maliro a eni, mwana iwe? Pakamera?" Lero ndimaona kuti anandichitira chifundo ponena zochepa chotero.

Koma zonse zimene ndinkawerenga zinkangokamba za mafumu ndi akuluakulu a nkhondo. Amayi anati ndiimbire malume, amene kumudzi anali mphunzitsi asanabwere kudzagwira ntchito ya ulonda. Nthawi imeneyo kukampu ya antchito kumene ankakhala kunali kotsekedwa chifukwa cha matendawo, wolowa kapena wotuluka kunalibe. Tinkalankhula nawo Lachisanu lililonse, ndipo nthawi zonse ankati ali bwino, akungogona ndi kunenepa.

Ndinawafunsa kuti anthu a mumzinda wozingidwa ankatani.

Kumbuyo kwawo wina ankatsokomola.

"Lemba, mphwanga," anatero. "Masiku oyamba amaseka, amati mawa zitha. Kenaka amasiya kukamba za chakudya. Buledi amamudula ndi ulusi kuti pasapezeke wodandaula. Aliyense amadziwa chifuwa cha mnzake ngakhale atayang'ana kukhoma. Wina akatengedwa, bedi lake salikhudza, nsapato zake amazisiya pomwe anazivulira. Ndipo akatumiza mawu kwa abale kunja kwa malinga, amati tili bwino."

"Malume, kalelo kunali mabedi?"

"Lemba mphasa. Halasi, basi."

Ndinalemba mothamanga, ndikunyadira kuti ndili ndi malume anzeru. Amayi ankasita yunifolomu. Anazimitsa simbi, nalowa m'bafa, ndipo mpopi unalira kwa nthawi yaitali, ngakhale anali atasamba kale.

Aphunzitsi atawerenga anandiuza kuti nditsale palaputopu anzanga atatuluka. Anafunsa kumene ndinazipeza. Ndinati kwa malume anga, ndi ophunzira kwambiri. Anafunsa kumene malumewo amakhala, ndipo nditatchula kukampu anaika dzanja pachifuwa. Ndinawatsimikizira kuti ali bwino, akungonenepa.

Kampu inatsegulidwa kutentha kutafika pachimake, koma malume sanabwere msanga kudzationa. Lamulo latsopano litalola antchito kusintha ntchito popanda chilolezo cha bwana, iwo sanachedwe kuchoka pakampani imene inawabweretsa. Ndi pamene tinakumana nawo ku Corniche, m'mbali mwa nyanja, mphepo yotentha ikununkha mchere. Palamba wawo panali mabowo awiri atsopano oboola ndi msomali. M'manja anali ndi jumbo ya nsapato zimene sizinali zawo, zoti azitumize kwa mayi wina wa ku Nepal. Amayi atawaona anagwira pakamwa.

Ine ndinawathamangira ndi nkhani yakuti ndinapambana onse m'kalasi, ndipo ndinawapempha kuti andibwereke buku limene anawerengamo zonse zija.