Azakhali ndi Tiagalu ta Mkamwini Wawo

Azakhali anga anabaya ana a anthu ku sikelo kwa zaka makumi atatu. Atapuma pa ntchito anakhala pakhomo miyezi iwiri, n'kuyambana ndi aliyense, mpaka mkamwini wawo, dokotala wa ziweto, anawapempha kuti azikamuthandiza kuchipatala kwake. Ankati akupulumutsa mkazi wake. Anadziputira yekha. Digiri ali nayo, koma apongozi akangotsokomola amabweza jakisoni m'mbale.

Agalu akuluakulu azakhali alibe nawo ntchito. Awo ndi tija ta maso otuzuka, tonjenjemera ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Kakabwera amakaika pasikelo, n'kukayeza kutentha kumalo kosatchula kuja, kenako mafunso kwa mwini: kadya? Kakutsegula m'mimba? Kakaoneka kofooka amakabweza, akuti katemera ndi wa galu wathanzi. Akakhutira amakakulunga m'thawulo ngati khanda, chifukwa kena kanawaboolapo chala, chonsecho kanali kochepa ngati nsapato.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wamimba yake, tayi pakhosi, kagalu ka akazi awo kali m'chikwama.

"Mukabaye theka chabe," anatero bamboyo. "Botolo lonse kafa aka."

"Bambo, si mowa uwu," anayankha azakhali. "Muyezo ndi umodzi. Chomwe sitichita n'kukaunjikira akatemera onse tsiku limodzi. Lero wachiwewe basi, winayo mubwere pakatha masabata atatu."

"Ndikufuna ndilankhule ndi adokotala."

Dokotala anayang'ana apongozi ake. "Monga anenera amayimu, bwana."

Azakhali anagwira kagalu, dokotala n'kulowetsa singano. Kagalu sikanalire n'komwe. Amene anagwa ndi bambo uja, khu! pansi, miyendo m'mwamba. Azakhali sanathamange. Anayamba aika kagalu m'dengu kuti kasadumphe patebulo n'kuthyoka mwendo, ndiyeno n'kumukupiza munthuyo ndi khadi la katemera.

Lamulo lawo ndi loti wobayidwa adikire theka la ola, aone ngati nkhope situpa kapena kusanza. Tsikulo pabenchi panakhala awiri. Azakhali ankati akasuzumira m'kamwa mwa kagalu, n'kukwezanso chikope cha mwini wake.

"Mayi, chonde, akazi anga asamve," ananong'ona bamboyo.

"Ine ndi namwino, bambo. Chinsinsi ndimasunga."

Pofika masana, wokolopa, mlonda wapageti ndi ine tinali titamva kale, azakhali atationetsa ndi kagwedwe komwe.

Patatha masabata atatu kagalu kanabwera ndi mkazi wa bambo uja. Asanakhale n'komwe anafunsa, "Ndi pati pamene anagwera?" Azakhali anamulozera, awiriwo n'kuseka mpaka misozi, dokotala ali chilili ndi jakisoni m'manja kudikira chilolezo.

Masiku ano azakhali mawondo akuwavuta, ndiye amalamula ali pampando. Mkamwini wayesa kawiri kuwakonzera phwando lotsanzikana. Maulendo onse awiri anadya keke, m'mawa mwake n'kufika iwo oyamba pa ntchito.