Tambala wa Khirisimasi ndi mbale ya Abiti Jafali

Ndikamva fungo la anyezi akupsa m'mafuta pamodzi ndi utsi wa makala onyowa, maganizo anga amathamangira kwa Abiti Jafali, mayi wachisilamu amene tinayandikana nawo pa boma la Mwanza bambo anga atatumizidwa kukaphunzitsa kumeneko. Anali amasiye, ankagulitsa mandasi kwa madalaivala a mathiraki odikira pa malire, ndipo mpanda wathu ndi wawo unali umodzi, waudzu, wokhala ndi kampata kamene ife ana tinakakulitsa ndi mapewa.

Pa kampatako pankadutsa mbale imodzi yachitsulo, yoyera, yosupuka m'mphepete. Mwini wake weniweni sindimudziwa mpaka lero. Mbale imeneyi ndiyo inkatiuza nyengo. M'mwezi wa Ramadani inkabwera ndi futali dzuwa likangolowa, pa Idi inkabwera ndi mpunga wonunkhira ndi nyama ya mbuzi yoti ukadya, zala umazinyambita mpaka mawa. Kuchokera kwathu inkapita ndi maungu pa Pasaka, manachesi m'nyengo yozizira, ndipo pa Khirisimasi mpunga ndi nkhuku. "Mbale sibwerera yopanda kanthu," ankatero Abiti. "Kupatsa n'kuika."

Koma kuti Abiti adye nawo nkhuku yathu, inkayenera kuzingidwa ndi Msilamu. Chaka chilichonse mayi anga, Anachisale, ankaitumiza kwa Che Amadu, ozinga mbuzi kumsika. Ndili ndi zaka khumi, ntchitoyo inagwera ine.

Tsoka lake, chaka chomwecho ndinali mngelo m'sewero la kutchalitchi, ndipo diresi langa loyera linali litasitidwa kale. Ndinafika kumsika tambala ali m'khwapa, n'kupeza mzere wa Akhristu anzanga, aliyense ndi nkhuku yake, chifukwa aliyense anali ndi mnansi kapena mlamu wachisilamu woti amugawire. Che Amadu analibe changu. Ankanola mpeni, kutembenuza nkhuku, kunong'ona pemphero, kenako kufunsa za odwala kunyumba. Belu loyamba la kutchalitchi linalira ndili kumbuyo kwenikweni.

"Iwe mwana, bwera nayeni kuno," anandiitana a Kamwendo, bambo wina wootcha nyama ya nkhumba chapafupi. "Mpeni ndi mpeni basi."

Ndinawapatsa, ine wopusa ine. Anapukuta mpeni wawo wamafutawo pa buluku, ndipo nkhani inathera pomwepo.

"Wachita changu bwanji, Malita?" anafunsa mayi. "Kwa Che Amadu kunalibe anthu?"

"Kunalibe," ndinayankha. Bodzalo linatuluka mosavuta moti ndinadzidabwa.

M'sewero muja, mngelo amene ankauza abusa kuti asaope ndiye ankanjenjemera kuposa onse. Anthu ankaganiza kuti ndi manyazi.

Masana mayi anapakula mpunga m'mbale ija, n'kuikapo ntchafu ndi nthutumba, ndiwo zaulemu, n'kuthira msuzi wambiri. Anandituma ine ndemwe. Kuchoka pa khitchini yathu kufika pa kampata sipanali patali, koma tsiku limenelo miyendo inkalemera ngati ndasenza thumba la chimanga. Ndinkadziuza kuti sadziwa, nkhuku ndi nkhuku, msuzi sunena.

Abiti ndinawapeza pa mkeka atangomaliza kuswali, mpango woyera uli kumutu. Ndinagwada n'kupereka.

"Eee, mngelo wafika," anaseka. "Lero sindinasonkhe n'komwe moto, ndimadziwa kuti Anachisale sandigoneka ndi njala."

Anasamba m'manja pang'onopang'ono, anavundukula mbale, nthunzi inawaphimba kumaso. Anatapa mpunga, anauviika mu msuzi, n'kunena chapansipansi, "Bisimila."

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinangozindikira ndawagwira pa mkono, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo kwa munthu wamkulu aliyense.

"Musadye, amayi. Sanazinge Che Amadu. Azinga a Kamwendo."

"A Kamwendo a nkhumba aja?"

"Eya."

"Ndi mpeni wawo womwe uja?"

Ndinangogwedeza mutu, misozi ili mbwembwembwe. Abiti anabwezera mpunga uja m'mbale, anasamba dzanja kwa nthawi yaitali. Kunkangomveka wailesi ya kwa anzathu ikuimba nyimbo za Khirisimasi. Ndinkaopa mkwapulo, inde, koma chimene ndinkaopa kwambiri chinali china: kuti kampata kaja katsekedwa, mbale sidzadutsanso, ndipo wochititsa ndi ine.

"Nanga waululiranji?" anafunsa. "Ndikanadya osadziwa."

"Kaya," ndinatero ndikusisima. "Munati Bisimila."

Anandiyang'ana, kenako anadzuka, ananyamula mbale, n'kuwerama kudutsa pa kampata ine ndili pambuyo. Mayi atamva, manyazi anawagwira mpaka anasowa poyang'ana. Anatola mthiko.

"Anachisale, ikani pansi," anatero Abiti. "Amene wazingitsa kwa wankhumba ndi uyu. Amene wandigwira mkono ndi yemweyu. Mumenya uti? Kodi nyemba zadzulo zija zinatha?"

Nyemba zinalipo. Abiti anadya Khirisimasi yawo pa khonde pathu, mpunga wa mumphika ndi nyemba zotenthetsa, akuwaseka bambo kuti chaka chino ntchafu zonse ziwiri zawagwera okha. Mbale ija anaitenga, ndipo ndinawasuzumira pa mpanda akuikwecha ndi dothi n'kuitsukuluza kambirimbiri. Atatha anaiika m'nyumba mwawo.

Apa ndiye panayamba kudikira kwanga. Chaka Chatsopano chinadutsa, mbale osabwera. Mondokwa anacha, mbale osabwera. Abiti ankandilonjera bwinobwino, koma ine ndinkangoti kulonjera n'kulonjera, mtima wa munthu suoneka. Ramadani itayamba, tsiku loyamba ndinakhala pafupi ndi mpanda kuyambira masana, ndikunamizira kusankha nyemba. Dzuwa linalowa, mawu oitanira kuswali anamveka kuchokera ku mzikiti, ndipo patapita kanthawi udzu unachita tswatswa. Dzanja linatulukira pa kampata litagwira mbale, futali ali tho, akufuka nthunzi.

"Landira, mngelo. Ndipo Khirisimasi ikubwerayi tambala ukapite naye iweyo kwa Che Amadu, osati wina."

Ndinalandira n'kukhala pansi pomwepo. Mtima unakhala m'malo kwa nthawi yoyamba chichokereni Khirisimasi, ndipo futali ameneyo sindinadyeponso wokoma ngati iye.

Abiti anatisiya kalekale, ndipo mbale ija inasowa posamuka. Lero ndili ndi nyumba yangayanga ndi anansi anga ena. M'mawa wa Khirisimasi mudzandipeza pa mzere kumsika, tambala ali m'khwapa, mayi wamkulu ndithu wa imvi zake. Ana anga amadandaula kuti tichedwa kutchalitchi, ndipo zoona timachedwa chaka chilichonse. Belu lilire kachiwiri kapena kachitatu, ine pa mzere sindichoka.