Madontho a pa Dzuwa

Ndikukumbukira kuti ndinali mu Sitandade 7, pa sukulu ina kufupi ndi Ngala, pamene ndinaona koyamba kuti dzuwa lili ndi madontho. Anandionetsa anali aphunzitsi athu a sayansi, a Gondwe, bambo wamtali woonda wa ku Rumphi, amene Chichewa chawo tinkachiyeserera tikakhala patokha.

A Gondwe anali ndi bainokyula yoonera zinthu zakutali, koma yothyoka, yotsala diso limodzi, imene anagula kwa mlonda wina wa ku minda ya nzimbe ku Dwangwa. Tsiku lina lotentha anaimangirira kumpando ndi malegeni n'kuilozetsa kudzuwa. Asanachite china chilichonse anaika tsamba louma pamene munthu amaika diso. Tsambalo linafuka utsi n'kubooka.

"Diso lanu lingapse chomwechi," anatero. "Wosuzumira muno asadzabwerenso m'kalasi mwanga."

Kenako anaika pepala loyera m'katoni, naigwira chapatali pang'ono, ndipo papepalapo panaoneka dzuwa, lozungulira bwinobwino ngati kambale. Tinaunjikana mpaka kupondana zala. Chakumphepete kwake kunali timadontho takuda, tating'ono ngati njere za bonongwe.

Ine ndinali mwana wamakani. Ndinati, "Aphunzitsi, limenelo ndi fumbi la pagalasi."

Sanakwiye. Anandipatsa mpango wawo kuti ndipukute ndekha. Ndinapukuta mbali zonse, koma madontho anali pomwepo. Anandiuzanso kuti ndizungulize bainokyulayo. Likanakhala fumbi likanazungulira nayo limodzi, koma madonthowo sanasunthe.

"Popeza wokayika ndiwe, Patuma, ntchitoyi ndi yako," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo, anzanga akamasewera fulaye pa buleki, ine ndinkagwada pakatoni ndi pensulo, n'kumalemba pamene dontho lililonse lili. Masiku ena utsi wa nzimbe zootcha unkaphimba dzuwa ndipo ndinkabwerera chabe. A Gondwe sankalola kuti ndilembe mongoganizira. Ankati tsiku limene sindinaone kanthu ndisiye pepala loyera. Patapita masiku ndinazindikira chinthu chimene sanandiuze: madontho aja ankayenda, onse kulowera mbali imodzi. Nditawauza anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Wadzionera wekha kuti dzuwa limazungulira. Kuli anthu kunja kuno amene ntchito yawo ndi yomweyi, kuyang'ana ndi kulemba. Amangokuposa magalasi."

Nkhaniyi inafika kumudzi kudzera mwa ana, ndipo inafika yopotoka. Kudoko, pamathandala oyanikira usipa, anthu ankanong'onezana kuti mphunzitsi wa kumpoto akuuza ana kuti dzuwa ndi lauve. Amene sanakhalepo masiku amenewo sangamvetse kulemera kwa mawu otere. Dzuwa linali pambendera ya dziko lathu. Kunyoza dzuwa kunkatha kumveka ngati kunyoza boma, ndipo anthu ankatengedwa pa nkhani zochepa kuposa imeneyi.

Lachinayi lina, buleki itangoyamba, kunabwera atcheya a chipani a m'dera lathu ndi anyamata awiri. Atcheyawa ndinkawadziwa bwino. Anali mwini makoka, ndipo bambo anga ankapalasa bwato lawo. Anandipeza nditagwada pakatoni, a Gondwe ali chilili pambali panga. Ana onse anasiya masewera.

"Aphunzitsi, tamva kuti mwapeza litsiro padzuwa," anatero atcheya, osakweza mawu.

Ndinayang'ana a Gondwe, ndikudikira kuti afotokoze monga ankachitira kwa ife. Koma iwo anati, "Ayi bwana, ana sanamvetse. Galasili ndi lakale. Liyenera kuti ndi fumbi chabe."

Galasi limenelo ndinali nditalipukuta ndekha m'mawa womwewo.

Atcheya anatembenukira kwa ine. "Iwe mwana wa a Yusufu, ukulemba fumbi?"

Ndinaganiza za bambo anga ndi bwato lija. Ndinaganizanso zongokhala chete, koma munthu wamkulu anali atandifunsa, ndipo yankho lina ndinalibe.

"Si fumbi ayi," ndinatero, maso ali pansi. "Komanso si litsiro. Ndi madontho. Amayenda. Taonani nokha."

Mmodzi wa anyamata aja anayandikira mpando ngati akufuna kuukankha, koma atcheya anamuletsa ndi dzanja. Anakwinya thalauza lawo n'kugwada pafumbi pambali panga. Anayang'ana kwa nthawi yaitali. Kenako anapukuta pepalalo ndi chala chachikulu, ndipo dontho limodzi linakwera pachikhadabo chawo. Anachotsa chala, dontho linabwerera papepala. Anachitanso kachiwiri.

Atadzutsa mutu, nkhope yawo sinali yaukali. Anafunsa motsitsa, monga munthu wofunsa za matenda a mwana wake, "Aphunzitsi, kodi ndiye kuti likudwala? Lidzazima?"

Pamenepo mawu a a Gondwe anabwerera. Anafotokoza kuti dzuwa ndi moto waukulu wotakataka, ndipo madonthowo ndi malo amene motowo wachepako mphamvu pang'ono. Anati amabwera n'kutha, ena n'kubweranso, kuyambira kalekale makolo athu asanabadwe, ndipo dzuwa silinaphonyepo kutuluka.

Atcheya anaimirira n'kusasa maondo. Anayang'ana zikhato zawo, zolimba ndi zingwe za makoka, kenako anayang'ana anyamata aja.

"Mwamva? Dzuwa likugwira ntchito. Wogwira ntchito sasowa zipsera. Palibe mlandu apa." Anayenda pang'ono n'kutembenuka. "Koma aphunzitsi, liwu lakuti litsiro ndisadzalimvenso."

Atapita, ndinapinda pepala langa. Ndinali nditawakwiyira a Gondwe, ndipo iwo anadziwa. Anandiitana ana ena atalowa m'kalasi.

"Patuma, ndinachita mantha," anatero. "Ndili ndi mkazi ndi ana, ndipo kuno ndine mlendo. Iwe wanena zimene unaona. Ukapitirize kutero, koma usamanyoze munthu amene mantha amugwira."

Ndinatembenuka n'kulowa m'kalasi. Mawa lake ndinabwereranso pakatoni, koma kwa masiku ambiri ndinkangowapatsa moni wa pakamwa. Pasanathe chaka, aphunzitsi ochokera kumpoto anauzidwa kuti abwerere kwawo, ndipo a Gondwe anakwera lole ndi banja lawo ife tili m'kalasi. Sindinatsanzikane nawo.

Panopa ndine mayi wa zidzukulu, ndipo ndinagwira ntchito yoyeza magazi m'chipatala mpaka kupuma. Tsiku lililonse ntchito yanga inali kunena chimene chili pagalasi, ngakhale pamene wodwala ndi abale ake ankafuna kumva china. Ndinaonanso anthu ambiri abwino akunjenjemera pamaso pa akuluakulu, ine ndemwe ndili m'gulu lawo. Ndi pamene ndinamvetsa kuti tsiku lija kulimba mtima kwanga kunali kwa mwana amene sankadziwa bwino chimene chikanachitika. A Gondwe ankachidziwa. Ankadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti kuonetsa ana dzuwa mmene lilili kungawabweretsere mavuto, komabe anatulutsa mpando uja pabwalo. Atagwa, sanabise kugwa kwawo pamaso pa mwana wa sukulu. Ndinakula ndikuganiza kuti ndine amene ndinawapulumutsa, koma mawu amene ndinayankha atcheya ndinawaphunzira kwa a Gondwe omwewo.